Bokosi la zitsulo za lathe zosadziwika mwini: momwe mungadziwire kuti ichi ndi chani, nanga chikwana pati

Aliyense amene anagulapo lathe (makina osemera chitsulo chikuzungulira) yakale, kapena kulowa ntchito mu shopu yomwe amisiri oyamba anachoka kalekale, akulidziwa bokosi lija. Limakhala pansi pa benchi, muli zitsulo zakuda bii ndi girisi wouma, ma chuck (zogwirira chitsulo chomwe mukusema) awiri atatu, ma jaw (zibwano za chuck zofinyira chitsulocho) ongomwazika, timachubu tong'ambika m'mbali, mbale zachitsulo zamabowo, ndiye ukafunsa kuti izi ndi za makina ati aliyense amangoti tinazipeza choncho. Ena amafuna kukagulitsa kwa anyamata a sikilapu pa kilo, ena amayamba kuyesa chimodzichimodzi pa spindle (shafti yozungulira yomwe chuck imamangidwapo) hamala ili m'manja. Awa achiwiriwa ndiye oopsa, chifukwa chuck mutha kugula ina koma spindle ikavulala makina onse apita.

Mfundo yake ndi imodzi basi: chilichonse chogwirira jobu (chitsulo chosemedwacho) pa lathe chili ndi mbali ziwiri, mbali yogwira jobuyo ndi mbali yokhala pa makina. Maso amathamangira kutsogolo komwe kuli ma jaw, koma chomwe chikuuzeni ngati chitsulocho ndi chanu kapena ndi cha makina ena omwe anagulitsidwa kalekale chili kumbuyo. Ndiye tizitembenuza chilichonse.

Poyamba tsukani. Palafini kapena dizilo mu beseni, bulashi yakale yotsukira mano, nsanza. Malo onyezimira omwe anachita kugayidwa bwino, monga taper (malo opendekeka, onka nachepa) ndi nkhope yakumbuyo, musayandikitseko grinder kapena sandipepala wokakala chonde, dzimbiri lapamwamba limachoka ndi oyilo ndi steel wool yofewa. Mukatsuka yang'anani zolemba ndi tochi ya foni mutaipendeketsa, chifukwa manambala ambiri amadindidwa mosazama ndipo amaoneka kuwala kukachokera m'mbali. Mutha kupeza dzina ngati Pratt Burnerd, Bison, Röhm, TOS, Kitagawa, kapena K11-160, kapena nambala ya liwiro lomwe chuck isapitirire. Chilichonse mwaona lembani mu kope. Konzaninso vernier yoyezera kukula, rula yachitsulo, thread gauge yoyezera mazinga ya mainchi ndi ya mamilimita yomwe, maka yakuda, ndi dial indicator (kawotchi koonetsa kugwedezeka) ngati ilipo.

Musanayeze chitsulo ngakhale chimodzi cha m'bokosimo, pitani kaye pa lathe yanu, ikani thabwa pa bed (thupi lalitali la makina lomwe pali njanji) kuti chuck ikapulumuka isamenye njanji, chotsani chuck yomwe ilipo muone mphuno ya spindle. Apa mpomwe pagona nkhani yonse ndiye tikhalitsapo pang'ono.

Ngati mphunoyo ili ndi mazinga, chuck imachita kupotokoleredwa ngati nati, yezani kukula kwa mazingawo kunja kwake kenako muwerenge kuti mu inchi imodzi muli mazinga angati. Myford ML7 ndi Super 7 zili ndi 1-1/8 inchi, mazinga 12 pa inchi. South Bend ya 9 inchi ndi Boxford zili ndi 1-1/2 inchi, mazinga 8 pa inchi. South Bend Heavy 10 zambiri ndi 2-1/4 inchi, mazinga 8. Ngati mulibe gauge, mazinga 8 pa inchi ndiye kuti kuchoka pa nsonga imodzi kufika pa inzake ndi 3.175 mm, a 12 ndi pafupifupi 2.12 mm, yezani nsonga zingapo pamodzi mugawe. Koma chenjerani, manambala atha kufanana mazinga osagwirizana, chifukwa Whitworth ya ku Britain ngodya yake ndi madigiri 55 pomwe ya ku America ndi 60. Ndipo kuseri kwa mazingawo kuli kamalo kosalala kozungulira komwe amati register, kameneko ndi komwe kamaimika chuck pakati penipeni, mazinga ntchito yake ndi kukoka chabe. Kayezeni nakonso.

Ngati mphunoyo ndi yaifupi, ili ndi ka taper kakafupi pakati ndi mabowo mozungulira, m'mbali muli timabowo ta folo kona tolowetsa kiyi, imeneyo ndi camlock, amailemba D1 kenako nambala. Taper yake ndi yofanana pa ma saizi onse, madigiri 7, maminitsi 7 ndi theka, chosiyana ndi kukula. Yezani kumunsi kwa taper komwe ndi kokulirapo: D1-3 ndi 53.98 mm, D1-4 ndi 63.51 mm, D1-5 ndi 82.56 mm, D1-6 ndi 106.38 mm, D1-8 ndi 139.72 mm. Vernier siikupatsani nambala yeniyeni pa malo opendekeka koma musadandaule, ma saiziwa ndi otalikirana moti simungasokoneze. D1-3 ndi D1-4 zili ndi mapini atatu kumbuyo kwa chuck olowa m'mabowo aja, kuyambira D1-5 ndi sikisi. Mapiniwonso amasiyana kunenepa, 9/16 inchi pa D1-3, 5/8 pa D1-4, 3/4 pa D1-5, 7/8 pa D1-6. Colchester Bantam ndi D1-3, Harrison M300 ndi D1-4, Colchester Triumph 2000 ndi D1-6, ndipo makina a ku Britain oterewa ndi omwe timakumana nawo kawirikawiri m'mashopu akale kwathu kuno.

Ka taper kakafupi komweko kamapezekanso pa mitundu ina iwiri ndipo mpomwe anthu amasokonezeka. Pali mtundu wa A, womwe chuck imamangidwa ndi mabawuti wamba olowa mu mphuno ya spindle, uwu ndi wofala pa makina a CNC, oyendetsedwa ndi kompyuta. Palinso wa DIN 55027, wa makina ambiri a ku Germany ndi kum'mawa kwa Ulaya, womwe chuck imakhala ndi ma stud (mabawuti opanda mutu) okhala ndi nati, amadutsa mu flange (mkombero wotambalala wa pa mphunoyo), mumatembenuza kambale kakumbuyo pang'ono kenako kumanga manatiwo. Taper ikwana bwinobwino koma kamangidwe ndi kosiyana, ndiye musangoona 106 mm nkusangalala, onaninso kuti chikumangidwa bwanji.

Mtundu wina ndi mphuno yaitali yosongoka, ili ndi kiyi mmodzi pamwamba ndi chinati chachikulu chozungulira chomwe chimakhala pa spindle pomwepo, chimamangidwa ndi sipanala ya ngowe. Uwu ndi L. Kumbali yaikulu ya taper L00 ndi 2-3/4 inchi, L0 ndi 3-1/4, L1 ndi 4-1/8, L2 ndi 5-1/4. Colchester Student yakale ija ya mutu wozungulira ndi L0. Chuck ya mtundu uwu mumaidziwa msanga: kumbuyo ili ndi khosi lomwe mazinga ake ali kunja, mkati muli bowo la taper ndi mpata wa kiyi.

Tima lathe tating'ono ta ku China tambiri tilibe zonsezi, spindle imangothera pa flange yokhala ndi kasitepe, chuck imavala kasitepeko nkumangidwa ndi mabawuti kuchokera kumbuyo. Pa ma chuck a ku China a ma jaw atatu olembedwa K11, ya 80 mm dzenje lake lakumbuyo ndi 55 mm, ya 100 ndi 72, ya 125 ndi 95, ya 160 ndi 130, ya 200 ndi 165.

Mukadali pomwepo yezaninso bowo la mkati mwa spindle ndi la tailstock (chochirikiza jobu chomwe chili kumapeto ena a bed), lembani zonse pa pepala limodzi mumate pakhoma. Tsopano mutha kubwerera ku bokosi.

Yalani zonse pa benchi muziunjike potengera maonekedwe: zozungulira zazikulu uku, ma jaw uku, zong'ambika m'mbali uku, zosongoka uku, zomwe simukuzimvetsa pakona.

Ma chuck ndi mbale atembenuzeni chafufumimba muyerekeze ndi pepala lanu lija. Chinthu chimodzi choti mudziwe, ma chuck ambiri ali ndi zigawo ziwiri, chuck yeniyeniyo ndi backplate yomangidwa kumbuyo ndi mabawuti. Mukaona mzere wolumikizira pakati pawo ndiye kuti mwayi ulipo, chuck yabwino yomwe siikukwana pa makina anu mutha kuichotsa backplate nkuipangira ina. Ngati taper kapena mapini a camlock ali m'thupi la chuck momwemo, imeneyo ndi ya spindle ya mtundu umenewo basi, kuisintha ndi ntchito yosapindulitsa.

Kuti mudziwe mtundu wa chuck lowetsani kiyi mupotokole. Ma jaw onse akayenda limodzi ndiye kuti mkati muli scroll (mbale ya mzere wozungulira ngati nkhono wokankha ma jaw), imadziika yokha pakati. Ikayenda imodzi yokha ndiye independent, jaw iliyonse ili ndi sikuluwu yake. Musaweruze ndi kuwerenga ma jaw, zilipo za ma jaw anayi zomwe ndi za scroll, aku China amazilemba K12, pomwe independent amailemba K72. Mbale yaikulu ya mipata yaitali yambiri ndi faceplate, yomangirapo jobu yosazungulira. Yaing'ono ya mpata umodzi kapena ka pini kotuluka ndi drive plate, imakankha dog (chomangidwa pa jobu kuti izizungulira) mukamasema pakati pa ma centre, nsonga ziwiri zogwira jobu uku ndi uku.

Ma jaw omwazika ndi omwe amadya nthawi. Atembenuzeni muone mano apansi. Mano opindika ngati uta ndi a scroll chuck. Mano ooneka ngati theka la nati, olowa mkati mwa jaw, ndi a independent, ndipo amenewa mutha kuwatembenuza kuti agwire kunja kapena mkati. A scroll satembenuzika ayi, nchifukwa chake chuck yotere imabwera ndi maseti awiri, ina masitepe ake akutsikira kunja ina akutsikira mkati. Mu mpata wa m'mbali mwa jaw mumakhala nambala 1, 2 kapena 3, ndipo kawirikawiri pamakhalanso nambala yaitali yofanana ndi yomwe ili pa thupi la chuck, nambala imeneyo ndi yomwe ikuuzeni kuti seti iyi ndi ya chuck iyi. Ngati manambala anafufutika, ikani ma jaw atatuwo pambalimbali nsonga zogwira jobu zili pa mzere umodzi, yomwe dzino lake loyamba lili pafupi kwambiri ndi nsonga ndiye 1, yomwe lili kutali ndiye 3. Polowetsa, potokolani mpaka chiyambi cha scroll chitsale pang'ono kufika pa mpata 1, kankhani jaw 1, potokolani igwire, kenako 2, kenako 3. Akakumana onse pakati ndiye kuti zili bwino, imodzi ikatsalira tulutsani muyambirenso. Jaw yomwe ikugwedera mu mpata wake kapena ikufuna hamala kuti ilowe si ya chuck imeneyo, ngakhale itaoneka ngati mapasa.

Mupezanso timidadada tosalimba tokhala ndi mabowo awiri a bawuti, tina ta aluminiyamu. Amenewo ndi ma soft jaw, amamangidwa pamwamba pa ma jaw apansi nkusemedwa molingana ndi jobu. Onani pansi pake: ngati pali kalilime ndi mpata wopingasa ndi mtundu umodzi, ngati pali timano ting'onoting'ono yezani, 1.5 mm pa madigiri 60 ndi tofala pa ma chuck a ku Japan ngati Kitagawa, 1/16 inchi pa madigiri 90 ndi tofala ku Ulaya. Kuyesa ndi fayilo pakona kukuuzani ngati chitsulo ndi cholimba kapena chofewa, fayilo ikangoterereka osaluma ndiye cholimbitsidwa.

Tsopano ma collet, timachubu tong'ambika m'mbali tija tofinya jobu. Funso loyamba, ming'alu ikuchokera mbali imodzi kapena zonse ziwiri? Ngati ikuchokera uku ndi uku mosinthana, collet ndi yaifupi, ilibe mazinga, ili ndi kamzere kozungulira pafupi ndi mutu, imeneyo ndi ER. Yezani pokulirapo pake, nambala yake ndi kuchotsapo 1: 17 mm ndi ER16, 21 ndi ER20, 26 ndi ER25, 33 ndi ER32, 41 ndi ER40. Ubwino wa ER ndi woti imodzi imafinyika pafupifupi 1 mm yonse, yolembedwa 12-11 igwira chilichonse cha pakati pamenepo. Koma imayamba yalowa kaye mu nati mpaka kumveka kuti thapu, kenako nkumangira pa chuck. Mukaiponya mu chuck nkumanga nati pamwamba mumaononga zonse ziwiri.

Ngati ming'alu ikuchokera kutsogolo kokha, thupi ndi lalitali, kumbuyo kuli mazinga, yezani thupilo. 31.75 mm, kutalika pafupifupi 83 mm, mazinga akunja 20 pa inchi ndi kampata ka kiyi, imeneyo ndi 5C, yotchuka ndi makina a Hardinge, imagwira mpaka cha m'ma 27 mm ndipo zilipo za bowo lozungulira, la folo kona ndi la makona sikisi. 5C siifinyika ngati ER, imafuna jobu ya saizi yake yeniyeni, mukaikakamiza pa chitsulo chochepera imagwira ndi kunsonga kokha ndipo pamapeto imapindika. Thupi la 16.5 mm ndi 3C, ya tima lathe tating'ono. Thupi la cha m'ma 24 mm, kutalika pafupifupi mainchi 4, mazinga ali mkati, imeneyo ndi R8 ndipo si ya lathe nkomwe, ndi ya milling machine ya mtundu wa Bridgeport, ikeni pambali. Zokhala ndi timapeni tachitsulo tolumikizidwa ndi labala ndi Jacobs Rubber-Flex, zimafuna chuck yakeyake ya chiwilo chopotokola ndi manja. Ma collet oterewa akapezeka fufuzaninso m'bokosimo chubu chachitali chokhala ndi mazinga mbali imodzi ndi chogwirira mbali inayo, imeneyo ndi drawbar yake, ndi ka adapter kolowa mu spindle. Popanda ziwirizi ma collet okokedwawo ndi zokongoletsa chabe.

Zosongoka ndi za taper yaitali. Zambiri zikhala Morse, yomwe Stephen Morse anaiyambitsa m'ma 1860 ndipo mpaka lero tikuigwiritsabe ntchito. Yezani kumbali yaikulu pomwe taper ikuthera: MT1 ndi 12.07 mm, MT2 ndi 17.78, MT3 ndi 23.83, MT4 ndi 31.27, MT5 ndi 44.40. Kuti mutsimikize kuti ndi Morse ikani zizindikiro ziwiri ndi maka zotalikirana 50 mm, yezani kunenepa pa zonse ziwiri muchotsere. Morse ikupatsani pakati pa 2.5 ndi 2.6 mm. Mukapeza cha m'ma 2.1 mm ndiye Brown & Sharpe, ndipo nambala 7 yake imanamiza anthu chifukwa ndi maso imaoneka ngati MT2, imalowa ndithu mu tailstock koma imagwira pa kamzere kamodzi kokha nkukanda mkati. Jarno nayonso imapereka 2.5 mm, imeneyo mumaisiyanitsa ndi kukula kwa kumapeto chifukwa ma saizi ake ambiri sagwirizana ndi manambala a Morse aja. Chomwe taper yake ndi yotsetsereka kwambiri, chokhala ndi flange ya mipata iwiri, ndi cha milling, monga ISO 40 kapena BT40, chichotseni pa mulu wa lathe.

Kumchira kukakhala kalilime kaphwatalala ndiye cha tailstock kapena drill, kukakhala bowo la mazinga chimakokedwa ndi drawbar. Nsonga ya centre ndi madigiri 60. Yomwe nsonga imazungulira pa ma bearing ndi live centre, ipotokoleni ndi zala mumve ngati mukumveka mchenga mkati. Yodulidwa theka ndi half centre, sikuti inathyoka, anaipanga dala kuti tool ifike pa nkhope ya jobu. Ya mutu waukulu wosasongoka ndi ya mapaipi. Chubu chokhala ndi taper mkati ndi kunja ndi sleeve yochepetsera saizi.

Zapakona zija nthawi zambiri zimakhala izi. Chitsulo chokhala ndi bowo, bawuti yofinya ndi mchira wopindika kapena woongoka ndi dog. Ndodo yosalala bwino, mabowo a centre mbali zonse ndi kamalo kaphwatalala kumapeto, yomwe ukaiyeza mbali ina ndi yonenepa pang'ono kwambiri kuposa inzake, ndi mandrel, mumailowetsa mu jobu yobowola kale ngati bush kapena giya kuti museme kunja. Musaitenge ngati pini yokhomera, ambiri atha choncho. Chimango chozungulira cha zala zitatu ndi fixed steady, chochirikiza jobu yaitali, chimakhala pa bed. Cha zala ziwiri chotseguka mbali imodzi ndi travelling steady, chimamangidwa pa saddle, chonyamula tool chomwe chimayenda pa njanji. Pa fixed steady yezani kuchoka pansi kufika pakati pa bowo muyerekeze ndi kutalika kwa centre ya makina anu, muonenso ngati mpata wa V wapansi ukukhala bwino pa njanji.

Zomwe zadutsa mayeso a vernier tsopano ziyesedwe pa makina, magetsi atazimitsidwa. Pukutani mbali zonse ziwiri mpaka pasakhale kachitsulo ngakhale kamodzi. Pa taper jambulani mizere itatu ndi maka kapena pakani engineer's blue (inki yabuluu yoyesera) pang'ono, lowetsani ndi dzanja, potokolani pang'ono, tulutsani. Inki ikachoka kuyambira kumutu mpaka kumchira ndiye zagwirizana, ikachoka mbali imodzi yokha taper si imeneyo. Chuck ya mazinga izilowa ndi manja mpaka kukagunda phewa la spindle, ikalimba itangozungulira kawiri siyani pomwepo, musafunefune chitsulo chowonjezera mphamvu. Pa camlock, mukamanga cam iliyonse (zomangira za m'timabowo ta folo kona tija) kamzere kake kaime pakati pa zizindikiro ziwiri za V zomwe zili pa spindle, kakapitirira kapena kuperewera chotsani chuck, masulani kabawuti kotsekera, potokolani piniyo kamodzi kulowa kapena kutuluka muyesenso. Chuck ya makina ena pafupifupi nthawi zonse imafuna kusintha mapini chonchi. Pakati pa nkhope ya chuck ndi ya spindle pasaoneke kuwala.

Kenako mangani ndodo yoongoka yogayidwa bwino, ikani dial indicator, zungulizani ndi dzanja. Pa 3-jaw yogwira kale ntchito 0.05 mpaka 0.1 mm ine ndimaona kuti ndi zabwinobwino, collet iyenera kuchita bwino kuposa apo. Ikagwedezeka kwambiri musafulumire kuinena chuck, yang'anani kaye kumbuyo ngati kwatsalira kachitsulo kapena kachotupa komwe inagundidwa. Chuck ya mng'alu pathupi isayandikire spindle ngakhale itakhala ya dzina lotani. Poyatsa koyamba yambani ndi liwiro lotsika mutaima pambali, kiyi ali m'thumba osati pa chuck, ndipo ya mazinga musaiyendetse chobwerera mwamphamvu chifukwa imamasuka yokha.

Zokwana zilembeni ndi penti maka, dzina la makina ndi saizi, maseti a ma jaw amangeni pamodzi ndi waya, pakani oyilo. Zotsala musataye msanga, chuck ya L0 yomwe kwa inu ilibe ntchito wina ku Ndirande kapena ku Kanengo mwina akuisakasaka. Mukamatumiza chithunzi pa WhatsApp kufunsa amisiri anzanu, jambulani kumbuyo, m'mbali ndi kutsogolo, rula ili pomwepo, ndipo mulembe manambala omwe mwayeza: kukula kwa taper kapena dzenje, mazinga angati pa inchi, mabowo angati ndi kutalikirana kwake.